Nthenga za Phiko Limodzi

Pa khonde la mzungu uja panali kachitsulo kamene sindinakaonenso kwina kulikonse. Kanali kotalika ngati chikhatho, komangidwa m'mphepete mwa tebulo, ndipo pamwamba pake panali kakamwa. Ukapotokola kachogwirira kake, kakamwako kankaluma mbedza n'kuigwira nji, kuti manja ako onse awiri atsale ogwira ntchito. Atsibweni ankakatchula kuti vaisi. M'mawa wa mwezi wa Juni kankazizira ngati mwala wa m'nyanja, ndipo pamene pankakhudza chala chachikulu panali patafufutika mpaka kunyezimira. Ndakalamba, zambiri ndaiwala, koma kachitsuloko ndimakakumbukira kuposa nkhope ya bambo anga.

Za bambo palibe zambiri zonena. Anapita ku Joni ine ndikukwawa ndipo sanabwereko, ngakhale kalata sanatumize. Tinatsala awiri, ine ndi amayi, m'mudzi wathu wa m'mbali mwa nyanja kumunsi kwa Maganga. Mwini mbumba anali atsibweni, mlongo wamkulu wa amayi. Kwathu mwana ndi wa atsibweni ake. Iwo akanena kanthu nkhani yatha, mayi wa mwana amangoyang'ana pansi. Amayi ankalima chinangwa ndi kampunga pang'ono kudambo, komanso ankaweta abakha. Chaka chimene ndikunenachi nkhondo ya azungu inali itangotha, ndipo ine ndinali ndi zaka khumi kapena khumi ndi chimodzi. Palibe amene analemba tsiku langa lobadwa.

Atsibweni ankagwira ntchito kwa mzungu wina wokalamba amene ankakhala yekha m'nyumba ya malata, pakamtunda koyang'ana kunyanja. Kale ankagula thonje, koma nthawi imeneyi ntchito yake inali yoseketsa anthu. Ankatenga mbedza zing'onozing'ono n'kuziveka ulusi ndi nthenga kuti zioneke ngati tizilombo touluka. Iye ankati ndi fulayi. Akadzaza timabokosi, atsibweni ankatinyamula pa njinga mpaka ku siteshoni ya Salima, sitima n'kutitengera kwa azungu anzake ku Zomba ndi ku Mulanje, amene akuti anathira nsomba za kwawo m'mitsinje ya m'mapiri. Asodzi a kwathu ankafa nazo kuseka. "Nsomba yodya nthenga? Ndiye kuti kwawoko ndi nsomba zomwe n'zopusa." Nsomba yathu imafuna usipa kapena nyongolotsi, chinthu chokhala ndi fungo.

Vuto linali lakuti manja a mzunguyo anali atayamba kunjenjemera. Akanyamula kapu, theka la tiyi linkathera m'sosala. Ndiye anaphunzitsa atsibweni, amene anawalemba kuti aziphika ndi kusesa. Thupi la fulayi atsibweni analidziwa msanga, poti n'kungokulunga ulusi pa mbedza basi. Koma mapiko anawakanika. Zala zawo zinali za munthu amene wakoka khoka zaka makumi awiri, zonenepa, zong'aluka, ndipo kanthenga kankangokodwa m'ming'alumo.

Mapiko ali ndi kamangidwe kake, ndipo ndikafotokoza chifukwa moyo wanga unakhotera pamenepo. Umatenga nthenga ziwiri zazitali, ina ya phiko la kumanja, ina ya phiko la kumanzere. Pa iliyonse umadulapo kachidutswa kopyapyala, n'kutigundanitsa tiwirito nsonga zake zili zolingana. Nthenga ya kumanja imapindikira kwake, ya kumanzere kwakenso, choncho ukazigundanitsa zimatsamirana n'kuima bwino. Ukatenga zonse za phiko limodzi zimagwera mbali imodzi, fulayi ikatera pamadzi imagona chammbali, nsomba osaiyang'ana n'komwe. Tizidutswato umatitsina ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala pamwamba pa mbedza, n'kulowetsa ulusi pakati pa zalazo osamasula, kenako n'kukokera pansi molunjika, kawiri kapena katatu. Ukamasula zala msanga zonse zabalalika, uyambirenso. Ulusiwo unkapakidwa phula, ndipo khonde lonse linkanunkha phula ndi timibulu toyera tothamangitsa njenjete.

Nthawi ya tchuthi amayi ankandituma masana kukapereka chinangwa chophika kwa atsibweni, chifukwa zimene ankaphikira mzungu iwo sankaloledwa kulawa. Inali nyengo ya mwera. Mphepo inkaomba masiku atatu osaleka, mafunde akubangula, mabwato ali pamtunda, amuna atakhala kuseri kwa nyumba akusoka maukonde. Pa khondepo anali atatchinga mphasa kuti nthenga zisauluke. Tsiku lina ndinapeza atsibweni thukuta lili kamukamu, kuzizira konse kuja, pansi pali mbwee tizidutswa towonongeka. Mzungu anali atagona. Ndinaonerera kanthawi, kenako ndinati, "Atsibweni, ndiyeseko." Anandipatsa malo, mwina pofuna kuti aseke. Ndinatsina, ndinakoka, ndinamasula. Mapiko anaima njo.

Mzungu atadzuka anaiyang'ana fulayiyo ndi galasi lake lokuzira zinthu, akuitembenuza uku ndi uku. Anafunsa kuti wamanga ndani. Atsibweni anandiloza ndi mlomo. Iye anangoti, "Gudu." Liwu limodzi lokhalo, koma ndinabwerera kunyumba ndikudumphadumpha ngati mwana wa mbuzi. Kuyambira pamenepo tchuthi chonse ndinathera pa khonde lija. Anandiikira bokosi pa mpando kuti ndizifikira patebulo. Dzina langa sanafunse, ndipo mpaka imfa yake sanalidziwe. Akafuna ine ankangogogoda patebulo ndi kaliwo wake. Ine zimenezo sizinkandikhudza. Ndinkaona ngati ulemu waukulu kuti mzungu akugogodera ine.

Tsonotu ine ndinali wa sukulu, ndipo sindinali wa sukulu wamba. Sukulu yathu inali ya mishoni, yofolera ndi udzu, yolekeza Sitandade 1. Chaka chilichonse aphunzitsi ankasankha ana awiri oti akapitirize ku sukulu yaikulu ya kumapiri, yogonera komweko. Chaka chimenecho anasankha mnyamata wina ndi mtsikana mmodzi, ineyo. Chofunika chinali chakuti ndisajombe mpaka mayeso. Amayi sankadziwa kuwerenga, koma ankandiuza kuti ndiziwerenga mokweza iwo akusenda chinangwa, ndipo ndikadumpha mzere ankamva, kaya ankamva bwanji. Anali atasoka kale kathumba koti ndidzanyamuliremo zovala.

Tchuthi chitatsala sabata imodzi, mzungu anauza atsibweni kuti masewera atha. Lolemba, tsiku lotsegulira sukulu lomwelo, ndikamange mafulayi khumi ndi awiri iye akuona. Mapiko akaima onse ndiyambe ntchito, m'mawa mpaka madzulo, masiku onse kupatula Lamulungu. Akapanda kuima, aitanitsa munthu wa ku Zomba wodziwa kuphika ndi kumanga komwe, atsibweni aziona kolowera. Ndipo poti nthenga zake za abakha am'tchire zinali zitatha, komanso bwato losakira silikanayenda ndi mwera umenewo, anati tibwere ndi nthenga za abakha a kumudzi.

Aphunzitsi atamva anabwera kunyumba Lachisanu, atavala jekete lawo la kutchalitchi. Anawapatsa mpando, atsibweni anakhala pa chitsa, amayi pansi chapatali. Ndikukumbukira mawu ochepa okha. "Bambo, mwanayu ali ndi mutu," anatero aphunzitsi. "Musamutaye chifukwa cha nthenga." Atsibweni anayankha mwaulemu ndithu: "Aphunzitsi, inu ana anu muli nawo. Uyu ndi wanga." Aphunzitsi anatembenukira kwa amayi ngati akuyembekeza kuti anenepo kanthu, koma amayi ankangotokosa pansi ndi kamtengo. Amayi anawaperekeza aphunzitsi mpaka pa mlambe, ndipo pobwera maso awo anali ofiira. Anati ndi mchenga wa mphepo.

Kamodzi kokha ndinawamva amayi akupempha, Lachisanu lomwelo aphunzitsi atapita.

"Achimwene, angomaliza chaka chino chokha."

Atsibweni sanakalipe. "Mlongo, mchere umene ukuthira m'ndiwo ukuchokera kuti? Nanga nsalu wavalayo? Wa ku Zomba akabwera, ine ndibwerere ku khoka ndi msana uno?"

"Ndamva, achimwene."

Inathera pomwepo. Atsibweni anawalamula kuti akonze nthenga, za mbali zonse ziwiri, ndipo anapita kwawo.

Nanga ine? Apa ndiye pondiwawa. Palibe anandifunsa, koma akanandifunsa ndikanasankha khonde. Sukulu ndinkaikonda, inde, koma kusukulu odziwa kuwerenga tinalipo angapo. Pa mapiko ndinali ndekha, kuposa atsibweni, kuposa mzungu mwiniwake. Ndinkaganiza kuti kumapiri kuja ndidzapita chaka china, ngati kuti malo amadikira munthu. Ndinkawatopetsa amayi ndi matama anga, ndikuwafotokozera za kutsina ndi kukoka. Lachisanu lija madzulo anandifunsa, maso ali pa chinangwa, "Nanga nthenga zikakhala za phiko limodzi?" Ndinaseka. "Mzungu amangotaya, amayi. Ngakhale ineyo sindingaziimitse."

Loweruka anandituma kukatola nkhuni kutali, kupitirira dambo, ngakhale nkhuni zinalipo. Pobwera ndinapeza abakha onse atadzikundika pansi pa nkhokwe ali duu. Sindinalabadire.

Lolemba m'mawa, anzanga akudutsa ndi masileti, atsibweni anafika ndi njinga. Amayi anandipatsa nthenga atazikulunga m'tsamba la nthochi n'kuzimanga ndi luzi. "Nyamukani, mungachedwe," anatero. Koma ine, katswiri, ndinati ndione kaye. Ndinamasula n'kuziyala pa mphasa. Zinali zokongola, zazitali, zosankhidwa bwino. Ndinanyamula imodzi, ina, inanso. Zonse zinkapindikira mbali imodzi.

"Amayi, zonsezi n'za kumanja. Za kumanzere zili kuti?"

"Ndinadula Loweruka. Anayamba kuulukira kunyanja."

"Onse?"

"Onse."

Bakha akayamba kuuluka amam'dula nthenga za phiko limodzi kuti asamapite kutali, zimenezo aliyense ankadziwa. Atsibweni anathamangira kukhola, anagwira bakha mmodzi n'kumutambasula, anagwiranso wina. Phiko lililonse la kumanzere linali zitsa zokhazokha. Anawatukwana amayi pamaso pa ine ndi pa anthu a nyumba zoyandikana, amene anali atatuluka kudzaona. "Chitsiru cha mkazi! Si ndinakuuza kuti mbali zonse ziwiri?" Amayi anayankha motsitsa, "Ndinaiwala, achimwene. Nthenga ine sindisiyanitsa." Atsibweni anakhala pansi manja ali kumutu. Ndi nthenga zimenezo mafulayi onse khumi ndi awiri akanagona chammbali, ndipo ine mawa lake ndikanakhala ndili m'kalasi.

Koma ndinali mwana wanzeru, aphunzitsi sananame. Ndinaganiza kuti nthenga zodulidwazo zinapita penapake, ndipo sizinawotchedwe, chifukwa nthenga ikapsa mudzi wonse umamva fungo. Ndinathamangira kudzala, kuseri kwa nyumba. Pamwamba panali phulusa latsopano ndi makoko a chinangwa, zambiri kuposa masiku onse. Ndinafukula ndi manja ngati galu. Pansi penipeni, zokwiriridwa mozama, ndinazipeza.

Ndinabwera nazo ndikuthamanga, phulusa mpaka m'zigongono. "Ndazipeza! Atsibweni, ndazipeza! Mbali yofunikayo ndi yomweyi, amayi anangotaya!" Anthu anaseka, ena anaomba m'manja. Atsibweni anandinyamula n'kundikhazika pa njinga. Ndipo tisananyamuke ndinanena mawu amene mpaka lero amanditentha pakamwa: "Amayinu zinthu zimenezi simuzidziwa. Muzifunsa kwa ine." Amayi anaima pakhomo, tsamba la nthochi lija lili m'manja. 

Kukhitchini kwa mzungu tinatsuka nthengazo, tinaziumitsa, n'kuziyendetsa pa nthunzi ya ketulo mpaka zinawongoka ngati zangochoka kumene pa bakha. Mwera unali utalusa tsiku limenelo, mphasa zikumenya nsanamira. Mzungu anakhala pambali panga, mpweya wake ukununkha fodya. Mphepo ikaleka pang'ono ndinkamva patali anzanga akuimba nyimbo yolowera m'kalasi, koma sindinatukule mutu. Ndinatsina, ndinakoka, ndinamasula, mpaka onse anakwana. Iye ankatenga fulayi iliyonse n'kuiponya m'beseni la madzi. Zonse zinatera choimirira. Anati "Gudu" kawiri, n'kundipatsa masuwiti.

Pa khonde limenelo ndinakhalapo zaka khumi ndi chimodzi. Malo anga kumapiri anapatsidwa mtsikana wina amene ndinkamunong'oneza mayankho m'kalasi. Anadzakhala namwino, ndipo tsiku lina anandibaya jakisoni kuchipatala akunditchula kuti mayi, osandizindikira. Mzungu atamwalira kunabwera abale ake, anatenga mipando ndi mfuti, timabokosi ta nthenga n'kutaya. Ndinatsala ndi luso limene panalibe aliyense wolifuna kuchokera ku Chipoka mpaka kuboma, ndiponso maso otopa ndikadali mtsikana. Baibulo ndimaliwerenga ndi chala, pang'onopang'ono, chifukwa ndinalekeza pomwe paja. Atsibweni anakalamba mchere uli m'nyumba. Pa maliro awo ndinakhala m'nyumba ya siwa monga mwa mwambo, koma misozi sinatuluke, ndipo sindinaikakamize.

Amayi anamwalira ndisanakwatiwe, nkhaniyi osaitchula ngakhale kamodzi. Ndinadzaimva ndekha nditatenga abakha awo, tsiku limene ndinafuna kudula phiko koyamba. Ndinagwira wamphongo, ndipo mayi wina woyandikana nane anandiseka. Anati wamphongo wolemera chonchi sauluka, amadula aakazi ndi ana okha. Ndinakhala pansi mpeni uli m'manja. Loweruka lija amayi anadula onse, ndi chimphongo chokalamba chomwe, chimene ngakhale kukwera pa mtondo chinkalephera. Mkazi amene anaweta abakha kuyambira ali kamtsikana ankasiyanitsa nthenga ya kumanja ndi ya kumanzere kuposa mzungu uja. Amayi sakanatha kuwakana atsibweni pamaso, ndiye analola kutchedwa chitsiru mudzi wonse ukumva, analolanso kuti mchere uthe m'nyumba, bola ine ndipite kumapiri. Ndipo amene anawononga zonsezo sanali atsibweni kapena mzungu. Ndinali ine, ndi manja angawa.

Koma Lolemba lija ine zonsezi sindinazione. Ndinafika kunyumba dzuwa likadali pamwamba, ndikufuula kuti ndapambana. Amayi anali kuseri akuthirira abakha gaga. Anandifunsa funso limodzi: "Zala sizinanjenjemere ngakhale pang'ono?"

"Ngakhale pang'ono!"

Anakhala pansi pomwepo, pa dothi, osayala kanthu. Ndinaganiza kuti akhumudwa ndi manyazi a m'mawa aja, ndipo ndinawamvera chisoni monga umamvera munthu wosaphunzira. Ndinawapatsa suwiti imodzi. Kenako ndinatenga nthenga ziwiri mwa zimene zinatsala n'kukhala pafupi nawo.

"Taonani, amayi, n'zosavuta. Iyi ikupindikira uku, ndi ya kumanja. Iyi ndi ya kumanzere. Tanenani."

"Ya kumanja," anatero amayi. "Ya kumanzere."

"Eya, mwakhoza!"

Ndinawabwerezetsa katatu, ndikusinthanitsa nthengazo kumbuyo kuti ndiwapusitse, ndipo katatu konse anakhoza. Misozi inkatsika mpaka pachibwano, iwo osaipukuta. Ndinadabwa kuti munthu wamkulu angalire chifukwa cha phunziro lophweka chonchi, ndipo pofuna kuwatonthoza ndinawalonjeza kuti mawa, ndikabwera kuntchito, ndidzawaphunzitsanso.